Mboni Yachitatu

Magetsi abwera Chilenje yonse itagona.
Kuseri kwa khoma firiji ya a Nyirongo yatsokomola kawiri,
yayamba kung'ung'udza,
ndipo ine ndanyamuka ngati mbala
kukatsegula laputopu pa tebulo lositira.

Kompaila yathu ndi womasulira pa mlandu.
Ife timalankhula chinenero cha anthu,
iyo nkutembenuka, kunong'oneza makina m'chinenero chawo.
Amadziwa ndani ngati yanama?
Nchifukwa chake tinailembera mboni,
mayeso zikwi zinayi ndi mazana awiri.

Ndaziitana zonse.
Zikutsika pagalasi mondondozana,
yobiriwira, yobiriwira, yobiriwira,
ngati maminibasi otuluka pa Kulima Tower apolisi atachoka.

Zitatu zafiira.

Yoyamba ndi mlandu wanga.
Lachiwiri ndinakonza Chingerezi cha uthenga wina
osaiuza mboniyo kuti mawu asintha.
Ndapepesa, yavomera.

Yachiwiri inangotopa ndi kudikira.
Okutobala uno laputopu imatentha ngati mbaula.
Ndaikweza pa zivindikiro ziwiri za mabotolo kuti ipume,
ndaitana mboniyo payokha,
yayankha bwinobwino ngati sinakanepo.

Yachitatu ayi.

Ndabwereza. Yofiira.
Ndabwereza payokha, ndabwereza pagulu.
Ndagumula zonse mpaka maziko,
ndamanganso, mphindi makumi anayi,
tiyi wazizira m'kapu, udzudzu wakhuta pa akakolo.
Yofiira.

Masana ndinalembera Tikambenji,
amene ofesi yake ku Kabulonga ili ndi sola padenga.
Anayankha msanga, ndi kankhope koseka:
"Kwa ine zikuyenda."
Mawu atatu.
Ndawatafuna usiku wachinayi tsopano
ngati nzimbe youma.

Ndasiya kukankha chitseko, ndayamba kuwerenga.
Kumanzere, zimene mboni imayembekezera.
Kumanja, zimene yamva.
Chala changa chikuyenda pa mizere
ngati cha amayi posankha miyala mu nyemba,
mzere wa mazana asanu, wa mazana asanu ndi limodzi,
ndipo apa,
kamwala:

kuno akuti 14, uko akuti 15.

Deti!
Kompaila yafunsa wotchi ya pakhoma langa,
mboni yafunsa wotchi ya ku Greenwich.
Ku Lusaka lero lafika kale,
kumeneko dzulo likadamanga nsapato.
Maola awiri okha pa tsiku
awiriwa amakangana kuti lero ndi liti,
kuyambira pakati pa usiku mpaka thuu koloko,
nthawi imene aliyense wokhala ndi magetsi masana
amakhala akuliza mkonono.

Ndaseka ndekha mpaka galu wa a Nyirongo wandiyankha.
Zaka zingati kachilomboka kakugona mu udzu umenewu,
kudikira munthu wa ku Chilenje
amene Zesco imamuwerengera maola ngati mankhwala?

Kukonza kwake ndi mzere umodzi:
nonse awiri, yang'anani wotchi imodzi.

Koma taonani nthawi.
Kwatsala mphindi khumi ndi imodzi kuti ikwane thuu,
ndipo ikakwana, mboniyi ibiriwira yokha,
kundinamiza ngati wodwala amene amachira akaona chipatala.
Ndiyenera kuigwira ikadali m'maola ake a misala.

Ndadina.
Fani ikulira.
Mphindi zisanu ndi zinayi. Zisanu ndi zitatu.
Sindikupuma bwino.

Yobiriwira.

Ndachotsa mzere wanga dala: yafiira.
Ndaubwezera: yabiriwira.
Tsopano ndakhulupirira.

Ndalembera Tikambenji, ngakhale awerenga kutacha:
"Mawa usagone. Ndikuonetse usiku wa kwathu."
Kenako ndaitananso zonse zikwi zinayi,
poti wokonza denga pamodzi
amatha kuswa lata la pambali.

Zafika zikwi zitatu ndi mazana asanu ndi anayi
pamene firiji ya a Nyirongo yatsokomola komaliza.
Mdima.
Kwatsala galasi lokha kuwala pankhope yanga,
batire ili pa leveni peresenti,
ndipo mboni zikutsikabe, imodzi, ina,
ine ndikuziwerenga chamumtima.